Manyazi adatsala pang'ono kundiphera kuuna

Anzanga a pamsika, inu a matimati, a kaunjika, a usipa, ndi inu achimwene a makala, lero ndiloleni ndikambe nkhani imene ambiri a ife timaibisa pansi pa benchi. Nkhani yake ndi ya manyazi.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Mukuti, "Manyazi pamsika? Nanga si kuno n'kwa anthu olongolola?" Zoonadi, munthu wodutsa pamsewu akamva phokoso lathu amayesa tonse tidabadwa kukamwa kuli yasa. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti si choncho. Alipo mayi amene amaitanira makasitomala mpaka mawu kusasa, koma mumuuze kuti aimirire pamsonkhano wa komiti ya msika anene dandaulo lake, mawondo amaombana. Alipo bambo amene amanenerera mtengo ngati loya, koma uthenga ukalowa pafoni amati waiwala magalasi kunyumba, chonsecho magalasiwo sadagulepo chibadwire. Manyazi ali ndi mitundu abale, ndipo amadya mpamba kuposa mbava.

Ine ndimagulitsa nyemba, mtedza ndi matimati mumsika wina mumzinda wa Lilongwe. Kwathu ndi kwa Dzoole, m'boma la Dowa. Kwa zaka zoposa 20 tsopano ndakhala ndikuphunzitsa anzanga a geni kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, kuseri kwa mabenchi, popanda wondilipira. Ndimakhulupirira kuti imeneyi ndiyo ntchito imene Mulungu adandiitanira. Koma amene adandidziwa ndili mtsikana akamva zoti ndimaima pamaso pa anthu choko chili m'manja, amagwira pakamwa.

Kwathuko mwana wamkazi amaleredwa maso ali pansi. Wamkulu akakuitana umathamanga, kugwada chapatali, n'kuyankha motsitsa mawu. Kuyang'ana munthu wamkulu m'maso ndi mwano. Apongozi ukawaona akubwera umapatuka panjira. Zimenezi ena adaziphunzira kuchinamwali, ife a mpingo tidaziphunzira kuchilangizo, koma pa nkhani ya maso pansi anamkungwi ndi alangizi ankagwirizana ndithu. Ine mwambo umenewu sindiunyoza ayi. Ulemu ndi chinthu chokoma, ndipo ana ena a m'tauni muno amene amalonjera agogo awo manja ali m'thumba akadapitako kwa Dzoole mwezi umodzi wokha, bwenzi zinthu zili bwino. Koma kwa ine ulemu udasakanikirana ndi chinthu china, monga muja nyemba zimasakanikirana ndi timiyala, ndipo padalibe wondithandiza kusankha.

Ndinkachita manyazi ndi chilichonse. Mlendo akafika pakhomo ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Kusukulu yankho ndinkalidziwa, koma aphunzitsi akangondiloza lilime linkauma gwa, makutu n'kumalira. Tsiku lina amayi adandituma ku Mponela kukagulitsa nkhuku kuti tipeze fizi. Ndidakhala nayo tsiku lonse pansi pa mtengo osaitanira munthu ndi mmodzi yemwe, madzulo n'kubwerera nayo kumudzi, nkhuku ndi ine tonse tili ndi njala. Anthu ankanditama: "Mwana uyu ngofatsa, adzasunga banja." Palibe adadziwa kuti mumtima ndinkalira.

Pobisala panga padali m'buku. Agogo anga aakazi adali ndi Buku Lopatulika lachikuto chong'ambika, lokulungidwa m'kansalu. Maso awo adali atafooka, choncho madzulo ndinkawawerengera pa koloboyi, awiriwiri, chitseko chili chotseka. Pamenepo pokha ndi pamene mawu anga ankatuluka bwinobwino. Iwo ndiwo adandiuza kuti bukulo ndi la kwathu konkuno. Ndinkayesa nkhambakamwa za okalamba, koma n'zoona. Amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera, m'dziko la Chiwere, mu 1889, n'kudzatsegula Kongwe mu 1894. Ntchito yomasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Murray, idachitikira pa phiri la Kaso ku Mvera komweko, bukulo n'kutuluka mu 1922. Amishoniwo adadzaza midzi ndi timasukulu chifukwa ankafuna kuti Mkhristu aziwerenga yekha Mawu, osati kumangomvera za m'maluwa. N'chifukwa chake agogo, amene tauni sadaionepo, zilembo ankazidziwa. Ndipo inu a geni dziwani kuti mmodzi mwa mafumu amene adalandira sukulu yochokera ku Kongwe adali wamalonda ngati ife tomwe: Msyamboza wa ku Chibanzi, wogulitsa minyanga ya njovu, amene Samuel Ntara adalemba buku la moyo wake. Geni ndi zilembo zidayendera limodzi kuyambira kale kwathuko.

Tisaiwalenso nyengo imene tidakuliramo. Masiku a chipani chimodzi kukhala chete kudali nzeru. Achinyamata a chipani ankaima pazipata za misika kufunsa makadi, ndipo ife a ku Dowa tinkadziwa kuti ku Dzaleka, kumene kudasanduka msasa wa othawa kwawo mu 1994, kudali ndende. Makolo ankaphunzitsa ana kusunga pakamwa kuti asunge khosi. Ndiye munthu wamanyazi ngati ine ankaoneka wochenjera. Kenaka kudabwera kalata ya mabishopu a Katolika mu Malichi 1992, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Dziko lonse lidatsekula pakamwa. Nyuzipepala zidabuka ngati bowa, m'basi anthu n'kumatchula mokweza mayina amene kale ankangonong'onezana. Mu 1994 ndidakavota nawo, chala n'kuviika mu inki, koma pakamwa panga padakhalabe potseka. Ufulu wolankhula adaulemba m'malamulo inde, koma wapolisi amene amakhala pakhosi pa munthu wamanyazi sachoka ndi voti.

Ndidafika ku Lilongwe mu 1996, kutsatira bambo a kunyumba amene adapeza ntchito ya ulonda. Malipiro a mlonda mukuwadziwa. Amayi adandigulitsira matumba awiri a mtedza kumudzi, imeneyo n'kukhala mpamba wanga.

Miyezi yoyamba ija musandikumbutse. Ndinkaunjika matimati bwinobwino, kuwawaza madzi kuti aziwala, kenaka n'kukhala duu ngati ndili pamaliro. Kasitomala akati "mwadulitsa", ndinkatsitsa pomwepo. Akati "banyirani", ndinkabanyira mpaka phindu lonse kupita. Angongole ndiye adandipeza poyera: munthu amene adatenga nyemba zanga mwezi watha ndikamuona akubwera, wothawitsa maso ndinkakhala ine! Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ine uuna wanga udali benchi, ndipo matimati ankaolera momwemo.

Amene adandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa benchi yoyandikana nayo. Pano ndingowatchula kuti aNaphiri. Mayi ameneyu adali ndi mawu ngati belu la tchalitchi. Kasitomala akaima pa benchi yanga ine ndili zyoli, iwo ankalowerera: "Gulani kwa mwana wangayo bwana, nyemba za ku Dowa zimenezo, sizichedwa kupsa!" Angongole anga ankawakumbutsa ndi iwo, pagulu, mopanda chisoni. Ndinkawasirira. Ndinkati munthu uyu saopa kanthu padziko lapansi.

Tsiku lina masana, msika utazizira, aNaphiri adandikodola. Adanditengera kuseri kwa matumba a makala, n'kusolola envulopu m'chilundu. Mawu aja a belu adasanduka kanong'ono.

"ANabanda, mwana wanga wa ku Johannesburg walemba. Tandiwerengerani, koma asamve munthu."

Ndidawerenga. Kalatayo idali itakhala m'chilundumo masabata atatu. M'kati mwake mwanayo ankanena kuti watumiza ndalama ndi bulangete kudzera mwa mnzake wina, ndipo amayi akewo akazitenge msanga munthuyo asadabwerere. Pamene tinkawerenga n'kuti munthuyo atabwerera kale. ANaphiri adangoti kukamwa pululu, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwanji simudandiuze kale, mayi?"

"Manyazi, mwana wanga. Munthu wamkulu ngati ine?"

Abale, tsiku limenelo ndidadabwa zedi. Mayi amene ndinkamuyesa mkango adali ndi uuna wakewake. Ndipo mbiri itamveka monong'ona kuti aNabanda amawerenga ndiponso saulula, anthu adayamba kubwera mmodzimmodzi ngati odwala kwa sing'anga. Uyu kalata, uyu chiphaso cha kuchipatala, uyu lipoti la mwana la kusukulu limene mwanayo ankati wakhoza pamene walakwa. Mayi wina adabwera ndi pepala la katapila limene adadindapo chala. Iye ankadziwa kuti adakongola ndalama zakutizakuti, koma papepalapo padalembedwa zina, ndipo chikole chidali makina ake osokera. Makinawo adapita ife tikuona.

Musaganize kuti anthu amenewa adali opusa. Mayi wosadziwa chilembo n'chimodzi chomwe amatha kukuwerengerani chenje mumtima msanga kuposa mwana wa Fomu 4 wokhala ndi kakyuleta. Chidawatsekereza ndi fizi. Sukulu ya pulayimale yaulere idabwera mu 1994, m'boma la Bakili Muluzi, ndipo ana olembetsa adachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma amene adali atakula kale sitimayo idawasiya. Ndipo pakhomo fizi ikachepa, tonse tikudziwa amene ankatsala kunyumba: mtsikana. Sukulu za kwacha zidalipo, boma lidakhazikitsa pulogalamu yake ya dziko lonse mu 1986, koma wa geni angasiye benchi masana kupita kukakhala pansi pa mtengo? Akabwerako adya chiyani?

Apa ndi pamene chinthu chidayamba kundilemera mumtima. Sindidalote maloto ayi, sindidamve mawu ochokera kumwamba. Kungoti usiku uliwonse ndikagwada kupemphera, nkhope za azimayi aja zinkabwera, ndipo funso lidali limodzi: udzawawerengera mpaka liti? Bwanji osawaphunzitsa aziwerenga okha? Ndinkayankha Mulungu monga momwe timayankhira wokhometsa tikiti ya msika: "Mubwere mawa." Ine? Kuima pamaso pa azimayi a msinkhu wa amayi anga? Ine wa Sitandade 8, amene ndidalephera kugulitsa nkhuku ku Mponela? Ndikangoganiza, m'mimba munkatentha. Zaka pafupifupi zitatu zidatha tikukokanakokana choncho.

M'zaka zimenezo ndinkawerenga Buku Lopatulika ngati munthu wofuna mboni yomuikira kumbuyo. Koma mboni zonse zinkanditembenukira. Ndidapeza Mose, m'buku la Eksodo, akupereka zifukwa pa chitsamba choyaka moto, chachikulu n'chakuti iye sadziwa kulankhula. Ndidati eya, mnzanga ndi ameneyu. Koma nditawerenga bwino ndidaona kuti Mulungu sadayambe wamukonza lilime kuti kenaka amutume. Adamulonjeza kuti adzakhala naye, adamupatsa mbale wake Aroni kuti azimuthandiza kulankhula, basi ulendo wa kwa Farao n'kuyambika lilime lili lomwelo. Yeremiya naye adadandaula kuti ndi mwana, koma sadamusiye. Petro, amene adachita mantha ndi funso la mtsikana wantchito akuwotha moto mpaka kukana Mbuye wake, ndi yemweyo adadzaimirira pamaso pa khamu tsiku la Pentekoste.

Koma chimene chidandilasa kwenikweni ndi fanizo la matalente pa Mateyu 25, chifukwa limenelo ndi fanizo la ife a geni. Bwana akupita paulendo adasiyira antchito ake atatu mpamba. Awiri adachita nawo malonda n'kupindula. Wachitatu adakumba pansi n'kukwirira. Taganizani bwino anzanga: munthu ameneyu sadabe, sadamwere mowa, sadahonge nazo akazi. Adabweza ndalama yonse yamphumphu. Mlandu wake udali umodzi, adachita mantha. Ndipo ndani mwa ife angamusekerere mwana amene wamupatsa mpamba, iye n'kukauika pansi pa mphasa chaka chathunthu? Ine kuwerenga ndiye kudali mpamba wanga, wochokera kwa agogo, wochokera ku timasukulu ta ku Kongwe, wochokera kwa Mwini wake. Kufatsa kumene anthu ankanditama nako kudali dothi lokwiririra.

Kudziwa ndi kwina, kuchita ndi kwina. Chidandikankha ndi maliro.

Agogo adatisiya mu 1999, nthawi yokolola. Ndidakwera basi mpaka pa Mponela, kuchoka apo wapansi ndi njinga mpaka kumudzi. Usiku m'nyumba ya siwa mudadzaza amayi a Chigwirizano, pakuti agogo adali membala wawo kuyambira kale. Bungwe limeneli la amayi a Sinodi ya Nkhoma lidayamba mu 1940, ndipo amene amati mkazi wa Chichewa salankhula pagulu sadagonepo m'siwa ndi amayi amenewa. Amaimba, amapemphera, amalalikira mpaka tambala kulira. Ine ndidadzipanikiza pakona, chitenje chili kumutu.

Pakati pa usiku nyimbo idaduka. Mayi wina wokalamba, mnzawo wa agogo wa pa ubwana, adatulutsa kansalu kaja. Ndidakazindikira pomwepo.

"Malemuwa ankatiuza kuti ali ndi mdzukulu amene amawawerengera Mawu mokoma. Ali kuti mwanayo? Atiwerengere m'buku la agogo ake."

Ndidafuna nthaka itang'ambika. Ndidakwawa ndi mawondo mpaka pamene adakhala mayiyo, n'kuwanong'oneza kuti, "Agogo, pepani, ine pagulu sinditha. Ndimachita manyazi."

Adandigwira dzanja, osakalipa ayi. "Iwe mwana wanga, mawuwa ndi ako? Wamtengatenga amachita manyazi ndi katundu wa eni? Iwe tula basi. Anthu akulira muno, sakuyang'ana iwe."

Adandipatsa bukulo atatsegula pa Yohane 14. Manja ankanjenjemera mpaka mapepala kumachita phokoso. Mzere woyamba udatuluka ngati kulira kwa mwana wa mphaka. Wina kumbuyo adati, "Kwezani mawu!" Ndidakweza. Pofika pakati ndidamva ngati ndabwerera pa koloboyi paja, chitseko chili chotseka, agogo akumvetsera. Nditamaliza adayambitsa nyimbo ina, maliro n'kumapitirira.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe chidachitika. Palibe adaseka. Palibenso adaombera m'manja. Kutacha anthu ankakamba za nkhuni, za adzukulu okumba manda, za ufa umene udachepa. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti dziko lonse lakhala tcheru kudikira kuti ndiphonye liwu, pamene aliyense adali wotanganidwa ndi mtolo wake.

Nditabwerera ku Lilongwe ndidawauza aNaphiri zimene zidali mumtima mwanga. Ndidati, "Mayi, ine kuphunzitsa ndiyesa, koma kuitana anthu sindingathe." Iwo adaseka mpaka kutsokomola. "Kuitana musiyire ine. Nanga pakamwa pangapa Mulungu adandipatsira chiyani?" Aroni wanga adali ameneyo, ndiponso ndiye adakhala wophunzira wanga woyamba.

Tidayamba mu 2000, anthu anayi, kuseri kwa matumba a makala komwe kuja. Nthawi yake idali 2 koloko masana, pamene ogula ndiwo za nkhomaliro apita ndipo a madzulo sadayambe kubwera. Bolodi lathu lidali katoni ya sopo, choko chathu makala. Tsiku loyamba ndidakonzekera mawu ambirimbiri, koma nditaona maso asanu ndi atatu ali pa ine, onse adauluka. Ndidangoti, "Tiyeni tipemphere." Popemphera anthu amatsinzina, ndiye ndidapezerapo mpweya.

Sindidayambe ndi a, e, i, o, u ngati ana. Munthu wamkulu ukamuimbitsa zimenezo mawa sabweranso. Ndidayamba ndi dzina la munthu aliyense. Tsiku limene aNaphiri adalemba dzina lawo okha, zilembo zili pendapenda ngati mpanda wa chaka chatha, adanyamula katoniyo n'kupita nayo kunyumba. Titachoka pa mayina tidapita pa katundu wathu yemwe: nyemba, mchere, sopo, usipa. Kenaka manambala, kenaka kalembedwe ka ngongole m'kope: dzina, tsiku, ndalama. Amene ankafuna kuwerenga Buku Lopatulika tinkatsala nawo. Anzathu achisilamu a ku Salima ndi ku Mangochi nawo adabwera, ndipo sindidawakakamize za mpingo wanga. Adabwerera zilembo, ndidawapatsa zilembo.

Ndidapeza kuti ntchito yaikulu sidali zilembo, idali manyazi omwewo. Mayi wa zidzukulu kugwira pensulo koyamba, dzanja limene limasenda chinangwa mosaona n'kumanjenjemera! Apa ndi pamene ndidaona chifukwa chake Mulungu adatuma ine osati munthu wolimba mtima. Wolimba mtima akadati, "Aaa, zophweka izi, lembani!" Ine ndinkadziwa momwe makutu amalirira anthu akakuyang'ana. Choncho lamulo lathu lidali limodzi: pano sitisekana, ndipo za pano sizituluka. Wolakwitsa sindinkamuimiritsa. Ndinkakhala naye pambali, mapewa kugundana, n'kumalemba naye.

Abambo ndiye adali ovuta kwambiri. Kukhala pagulu la azimayi sakadalola. Ankabwera madzulo ndikulongedza, n'kumayerekeza kugula mtedza: "Mlongo, paja chilembo chokhala ngati mbedza chija n'chiyani?" Ndinkawalembera pakapepala n'kukulungiramo mtedzawo.

Musayese kuti zonse zidali zokoma. Adandipatsa dzina loti "aphunzitsi a matimati", ndipo ndikamadutsa anyamata ena ankaimirira n'kunena mokweza kuti "Gudumoning'i madamu!" msika wonse n'kuseka. Masiku amenewo ndinkafika kunyumba n'kulira. Ena adafalitsa zoti ndatumidwa ndi chipani kulemba mayina a ovota. Wakatapila wina, ataona kuti anthu ayamba kuwerenga asadadinde chala, adandiopseza kuti benchi yanga idzapsa. Mkulu wina wa mpingo adandifunsa mwaulemu ndithu kuti kodi pepala la uphunzitsi ndili nalo, nanga adandituma ndani. Ndidagwada monga adandiphunzitsira kwathu, maso pansi, koma mawu adatuluka: "Abambo, pepala ndilibe. Koma azimayiwa akuberedwa, ndipo ine zilembo ndimazidziwa." Sadayankhe. Tsiku limenelo ndidaona kuti munthu ungathe kugwada n'kunenabe zoona. Timiyala tidayamba kusiyana ndi nyemba.

Ndalama nazo zinkatayika. Ola limodzi kuseri kwa makala ndi makasitomala angapo opita kwa mnzako. Bambo a kunyumba adawerengera n'kundifunsa kuti, "Mayi a ana, kodi sukulu yanuyi tidzadya?" Funso lidali loona, sindikadawatsutsa. Chidatithandiza n'chakuti ophunzirawo adagwirizana okha kuti pa nthawi ya kalasi mmodzi azitsala kuyang'anira mabenchi a onse, mosinthanasinthana ngati chipereganyu. Mpaka lero timatero.

Mwina wina afunsa kuti kodi zimenezi zikufunikabe masiku ano a mafoni? Ndiye zafunika kuposa kale! Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri mwa iwo ndi akazi. Makalata a envulopu adatha, koma tsopano ndalama zimayenda pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Wosawerenga amapereka foni ndi nambala yake yachinsinsi kwa mwana wa eni kuti amuonere. Akamberembere amatumiza mauthenga abodza oti ndalama zalowa molakwika mubweze, kapena kasitomala amakuonetsa uthenga wakale n'kunyamula katundu. Ku banki mkhonde mabuku amasunga mlembi. Ngati enanu simutha kuwerenga zimene walemba, pogawana m'Disembala mudzalira. Ndipo ndi mmene kwacha idagwera, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yopikulira idayamba kusintha ngati nyengo, moti wosalemba amagulitsa pa mtengo wa dzana n'kumadabwa kuti mpamba wapita kuti. Masiku ano phunziro lachiwiri, tikangochoka pa dzina, ndi kuwerenga uthenga wa pafoni: watumiza ndani, zingati, tsiku liti, zatsala zingati.

Nanga manyazi aja adatha? Ayi ndithu, ndisakunamizeni. Mpaka lero gulu latsopano likabwera m'mimba mumatentha, ndipo ndimayambabe ndi pemphero kuti anthu atsinzine. Pa ukwati wa mwana wanga adandipatsa maikolofoni ndidangoti zikomo n'kukhala pansi. Mulungu sadandisandutse aNaphiri. Ine ndikamva alaliki ena a m'misika ndi m'mabasi, amene amabwera ndi zimkuzamawu n'kumalonjeza kuti ukangopereka chakuti mantha onse atha lero lomwe, ndimangopukusa mutu. Kukuwa si chizindikiro cha maitanidwe. Ena amakuwa chifukwa m'thumba mwawo mwauma. Kwa ine chikhulupiriro sichidachotse kunjenjemera. Chidangondichotsera maso pa ine mwini n'kuwaika pa mayi uja wa makina osokera. Ndimanjenjemera ndikugwira ntchito.

ANaphiri adatisiya zaka zingapo zapitazo. Asadamwalire adali atafika powerenga okha Masalimo, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera, ndipo mwana wawo wa ku Johannesburg ankamulembera okha mauthenga pafoni, odzaza ndi malangizo oti asakwatire msanga kumeneko. Pamaliro awo ndidawerenga Mawu ndine, osadikira kuitanidwa kawiri.

Chaka chatha nditapita kwa Dzoole kukapikula mtedza, achimwene anga adandidandaulira za mwana wawo wamkazi amene adalemba Fomu 4 n'kungokhala pakhomo. "Mwanayu ngofatsa kwambiri, mlendo akabwera amathawira kuseri kwa nkhokwe. Kaya tidzamutani." Ndidamutenga. Pano amandithandiza pa benchi, ndipo kuitanira makasitomala sadayambebe. Amaunjika matimati n'kukhala duu. Koma ndaona kuti pa 2 koloko amabwera yekha kuseri kuja, n'kukhala pambali pa mayi wina wa usipa amene dzanja limamuvuta, mapewa kugundana. Sabata yamawa ndikupita kumudzi kukaona munda, ndipo ndamuuza kuti kalasi ya Lachiwiri ndi Lachinayi ikhala m'manja mwake. Adayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka adafunsa kuti, "Azakhali, choko mumasunga pati?"